Amake Melody ndi Batani la Pansi

Humphrey Mbewe ankadya chifukwa chodzisandutsa chitsiru, ndipo ntchitoyo ankaigwira ndi mtima wonse. Kampani ina yaing'ono ya ku Lusaka inapanga mthandizi wa m'foni, uja wa nzeru zochita kupanga, amene amamva Chinyanja, n'kuyankha, n'kusunga m'mutu zimene mwini foni wamuuza. Vuto la mthandizi wotere n'lakuti nthawi zina amasintha yekha zimene akukumbukira, osauza munthu. Ndiye eni kampani anawonjezera chida choonera mbiri ya zokumbukira zake: chimene analemba, pamene anachisintha, ndi chimene anataya. Malangizo a kagwiritsidwe ntchito ka chidacho ankalemba mtsikana wina wa ku ofesi, dzina lake Molly. Humphrey ndiye anali woyesa malangizowo. Ankawawerenga ngati munthu amene sanagwirepo foni chibadwire, n'kuchita ndendende zimene zalembedwa, osathirapo nzeru zake ngakhale pang'ono, kenako n'kulemba lipoti lonena pamene wagwera m'dzenje.

Ankakhala ku Shimabala, m'kanyumba ka lendi kozunguliridwa ndi minda ya repu ndi tomato. Anthu a kumeneko, poona mwamuna wathunthu atakhala pamthunzi tsiku lonse, maso pa kompyuta, uku akupukusa mutu, anagwirizana kuti mkuluyo amatchova juga ya mpira ndipo sapambana. Iye sankawatsutsa. Kufotokozera munthu wa khasu m'manja kuti ntchito yako ndi kusokonezeka mwadala n'kudziputira chitonzo.

Malangizo a chida chatsopanocho anayamba wawayesa yekha pa foni yake, ndipo zonse zinayenda bwino. Molly anali atalemba zaukhondo, masamba awiri okha, opanda mawu otopetsa. Koma lamulo la ntchito linkati zolemba zisanatuluke ziyesedwenso ndi munthu wamba, amene amagwiritsadi ntchito mthandiziyo tsiku ndi tsiku. Paja amati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Pa mayeso oterowo woyesa amakhala pambali, osalankhula, osaloza, osatsokomola n'komwe. Munthu akasochera umusiye asochere, chifukwa kusocherako ndi kumene wabwera kudzaona. Ukangotsegula pakamwa, mayeso afa, ndipo uyenera kukafuna munthu wina n'kuyambiranso.

Munthu wamba amene Humphrey anamuganizira anali mlongo wake wamkulu, a Idah, a ku Kafue Estates. Iwowa ndi amene anamulera makolo awo atamwalira. Bambo awo anachokera ku Katete kudzagwira ntchito ya njanji, ndipo chimene anasiyira ana awo chinali dzina labwino basi. Sukulu ya Humphrey inachokera m'dengu la nsomba. A Idah ankapita ku Chanyanya kukadikira mabwato, n'kubwera ndi milamba ndi nsomba zina zowamba, n'kumagulitsa pamsika ndi pakhomo pomwe. Anali mayi wa mawu, woti akaseka pamsika, a m'mashopu a patsidya la msewu ankafunsa kuti nkhani yake ndi yotani.

Mwana anabereka mmodzi yekha, Melody. Kuyambira tsiku limene khandalo linatuluka m'chikuta, dzina loti Idah linatsala pa chitupa cha boma. Asodzi, makondakitala a minibasi, azimayi a ku tchalitchi, ngakhale Humphrey yemwe, onse ankati Amake Melody. Ndi Melody yemweyo, atakula n'kuyamba maphunziro a unamwino, amene anaika mthandizi uja m'foni ya mayi ake, kuti aziwakumbutsa mankhwala a kuthamanga kwa magazi ndi maoda a nsomba. A Idah anam'patsa dzina loti Ba Kalaliki, ndipo ankakangana naye ngati munthu.

Melody anamwalira dzinja lapitali, atadwala kanthawi kochepa. Pamaliro azimayi ananong'onezana kuti bala silitokosedwa, dzina la malemu lisamveke pamaso pa mayi ake. Sanachite kuitanitsa msonkhano, koma pofika sabata yotsatira aliyense anali atamva. Oyandikana nawo nyumba anayamba kuwaitana kuti Ba Idah. Asodzi ankangoti Bamayo. Humphrey anabwerera ku dzina la paubwana wake, ba sisi. Onsewo ankachita zimenezi chifukwa cha chikondi, ndipo palibe amene anaganiza zofunsa mwini wake. A Idah nawo sananene kanthu. Anangoyamba kuchepa: mawu ochepa, chakudya chochepa, kuseka ndiye kunatheratu. Humphrey ankaopa kuti mlongo wake akuzimirira akali moyo, ndipo sankadziwa pogwira. Kunena zoona, mayeso a malangizowo anali chonamizira chabe, kuti akakhale nawo masana athunthu popanda kusowa chonena.

Anafika Loweruka masana, dzuwa la mu Okutobala likuswa mtengo. Anawapeza pakhonde akusankha milamba yowamba, ikuluikulu dengu ili, ing'onoing'ono dengu ilo.

"Muli shani, ba sisi?"

"Nilipo," anayankha a Idah, akumuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato. "Wayonda. Ku Shimabala kulibe nshima?"

Humphrey anakoka mpando, n'kutulutsa mapepala awiri amene anasindikiza ndi zilembo zikuluzikulu. Anafotokoza kuti akufuna thandizo lawo pa ntchito.

"Manje ufuna nichite chani?"

"Mubauze boza Ba Kalaliki. Mukambe ati nsomba simugulanso kuli ba Obed, mwapeza muntu winangu. Bakasintha, mubelenge mapepala aya, mubweze vamene vinalipo poyamba. Ine sinizakamba kantu."

"Iwe osakamba?"

"Olo musobe bwanji, nizankala chabe zii."

"Nanga nchito yako ni iti apo?"

"Kupenya."

"Nchito za masiku ano," anatero a Idah, akupukuta manja pa chitenje. "Ine ninakulipilila sukulu kuti uzipenya bantu bakuvutika."

Humphrey anaseka, ndipo mumtima anathokoza, chifukwa kamtoso kameneko kanali koyamba kukamva kuchokera pamene anaika maliro. Obed anali msodzi wa ku Chanyanya amene ankawasungira nsomba kwa zaka zambiri, munthu woti kumunamizira n'tchimo. A Idah anapepesa kaye kwa Obed amene kunalibe, kenako anayandikitsa foni pakamwa.

"Ba Kalaliki, kuyambila lelo ba Obed nabaleka. Nizayamba kugula kuli ba Bright."

"Ndamva, Idah. Ndasintha," anayankha mawu a m'foni, odekha ngati a wowerenga nkhani pa wailesi.

A Idah anavala magalasi awo, amene mwendo wake umodzi unali womangidwa ndi ulusi, n'kuyamba kuwerenga mokweza. Chinyanja cha Molly anachinyodola, ati n'cha paguwa, koma anachimva. Ndime yoyamba inkati atsegule pamene palembedwa kuti Zokumbukira, ndipo anapapeza osavutika. Ndime yachiwiri inkati adine pa mawu oti Mbiri. Anadina. Humphrey analemba pa kompyuta yake kuti mpaka pano palibe chopunthwitsa, ndipo anamunyadira Molly.

Mbiri ija inatseguka, mzere pansi pa mzere, zatsopano pamwamba, zakale pansi. Za Obed ndi Bright zinali pamwamba penipeni, poti zinali zitangochitika kumene. Munthu wofulumira akanadina pomwepo, mayeso n'kutha, onse n'kumwa tiyi. Koma a Idah anali asanaonepo m'mutu mwa Ba Kalaliki, ndipo munthu amene walowa m'nyumba ya mnzake koyamba sangolunjika pampando. Chala chawo chinayamba kukankha mizere ija, kutsika nayo.

Humphrey anafuna kuwauza kuti mwapitirira, koma anakumbukira lamulo n'kuluma mlomo.

"Ona, analemba ati sinikonda mafoni ya kuseni," anatero a Idah. "Apa ati mankwala nimamwa na tiyi. Uyu muntu ni kazitape."

Anatsikabe. Anadutsa miyezi yozizira, anadutsa nyengo imene boma limaletsa kupha nsomba, pamene iwo ankagulitsa nyemba ndi kapenta. Kenako chala chinaima. Anasiya kuwerenga mokweza. Humphrey anasendeza mpando pang'ono kuti aone, poti kuona ndiye kunali kololedwa.

Panali mzere umene mthandiziyo analemba yekha, sabata ya pambuyo pa maliro. A Idah ayenera kuti anamuuza m'mawa wina kuti asawakumbutsenso zoimbira foni mwana wawo kusukulu, ndipo iye, mwa nzeru zake, anaweruza nkhani yonse: "Melody anamwalira. Dzina lake lisatchulidwenso. Mwini foni aziitanidwa kuti Idah."

Pansi pake, m'zilembo zotuwa zokhala ndi mzere pakati, panali chimene chinachotsedwa tsiku limenelo. Anali mawu a tsiku loyamba lenileni, monga mmene Melody anawalankhulira poika mthandiziyo m'foni: "Aba ni amai banga. Uzibaitana Amake Melody. Usabakumbuse chintu kabili, bamakalipa."

Humphrey anamva ngati mwanayo waima pakhomo ndi chikwama chake cha kusukulu. Kalankhulidwe kake kanali komweko, kolamula uku akuseka. Anayang'ana mlongo wake, akuyembekeza kuti ataya foni, kapena alira, ndipo anadzida chifukwa chobweretsa mapepala ake pakhomo pa anthu. Koma a Idah ankangosisita m'mbali mwa foni ndi chala chachikulu. Kumsewu waukulu galimoto ya katundu inaliza hutala, nkhuku ya oyandikana nawo inalowa pampanda n'kuyamba kuzungulira dengu la milamba, ndipo palibe amene anaithamangitsa.

"Kansi sanaibale," anatero a Idah, osayang'ana mlongo wawo. "Anabisa chabe."

Anatenga pepala loyamba lija, n'kuliyandikitsa kumaso.

"Va ba Obed vinkale. Ine nifuna ichi."

Anafufuza ndi chala mpaka anapeza ndime yachitatu, n'kuiwerenga pang'onopang'ono, liwu ndi liwu, ngati mmene amawerengera vesi pa mapemphero a azimayi: "Kuti mubwezeretse chokumbukira chakale, chikhudzeni, kenako dinani batani la pansi."

Anakhudza mawu a Melody aja. Mabatani awiri anatulukira.

Apa m'pamene Humphrey anaona chimene sanachione kunyumba. Foni yake inali yatsopano, yaikulu, ndipo pa iyo mabataniwo ankabwera ndi mawu ake, lofufuta pamwamba, lobwezeretsa pansi. Foni ya a Idah inali yakale, yaing'ono, yosweka pakona. Pa iyo mawu sankakwana, ndiye panangokhala tizithunzi tiwiri, ndipo tinali titasinthana malo. Pamwamba panali kamuvi kokhota. Pansi panali katsache. Humphrey ankadziwa bwino ntchito ya katsacheko: kamasesa chinthu m'mbiri momwe, osafunsanso kuti mwatsimikiza, ndipo chikapita palibe angachibweze, ngakhale eni kampani. Molly chenjezo limeneli analilemba ndithu, mwaulemu ndi momveka, koma analiika kumapeto kwa tsamba lachiwiri. Tsamba lachiwirilo pa nthawiyo linali pansi, a Idah atalipsinja ndi mlamba kuti lisauluke ndi mphepo.

A Idah sanalakwitse chilichonse. Anachita zimene pepala linanena, ngati mmene Humphrey anawapemphera. Anayang'ana pepala, anayang'ana foni, n'kunena chapansipansi kuti, "La pansi." Chala chija chinanyamuka.

Zaka zonse za ntchitoyi Humphrey anali asanaswepo lamulo. Anaonapo anthu akufufuta zithunzi za ukwati pa mayeso, iye phee, poti zinali zongoyeserera. Izi sizinali zongoyeserera, ndipo sanapeze n'komwe nthawi yoganiza za lamulo. Pakamwa panatseguka pokha, ndipo chimene chinatuluka ndi chimene lilime lake linazolowera kwa zaka zoposa makumi awiri.

"Amake Melody, lekani!"

Chala chinaima m'malere. Nkhuku ija inathawa. A Idah anatembenuka pang'onopang'ono, n'kumuyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Wati chani?"

"Batani iyo ni yofuta. Ikafuta sivibwelanso. Pepala yalakwa, mufunika kutinika ya pamwamba, ya kamuvi."

"Sinikufunsa va batani. Waniitana ati chani?"

Humphrey anachita mantha ngati mwana amene waswa mbale ya alendo. Anayamba kupepesa, kuti zangomupulumuka, kuti sanafune kuwakumbutsa.

"Kunikumbusa?" A Idah anaika foni pamiyendo mosamala, chala chili kutali ndi galasi lake. "Iwe uganiza kuli siku yamene nimaibala? Kambanso."

"Amake Melody."

A Idah anatseka maso. Misozi inatsika, koma nkhope yawo sinali ya munthu amene wapwetekedwa. Inali ya munthu amene watula katundu.

"Siku ija munaika bantu babili," anatero. "Mwana wanga munamuika ku manda, ine munaniika pano pa nyumba. Nabwela ku malilo, uyu ati Ba Idah, uyu ati Bamayo, iwe ati ba sisi. Nayenda ku Chanyanya, chimozimozi. Nati nikambe na foni, nayo ati Idah, monga tinasobelela pamozi. Ninayamba kuzifunsa neka, kansi uja mwana ninamulota chabe? Nanga mimba ija inali ya ndani?"

"Tenze kuyopa kukubabisani mutima."

"Munanifunsa?"

Humphrey anaweramitsa mutu. Safunsa anadya phula, ndipo phula limeneli analidya ndi tauni yonse, miyezi yonseyi, aliyense akudziona ngati wachifundo. Anachita manyazi, koma pansi pa manyaziwo panali chimwemwe chimene sanathe kuchibisa, chifukwa mlongo wake anali akukalipa. Mawu anali atakwera, dzanja likuloza, ngati kale.

"Nanga imwe munalekela chani kutiuza?" anafunsa.

"Muntu angapemphe zina yake? Zina bamakupasa."

Anapukuta magalasi ndi nsonga ya chitenje, n'kuwavalanso. Anatenga foni.

"Wati ya pamwamba?"

"Ya kamuvi."

Anadina. Mzere wa pakati pa mawu a Melody unachoka, zilembo zinada bwinobwino n'kukwera pamwamba pa mbiri yonse. A Idah anakonza pakhosi ngati akufuna kulankhula ndi abusa.

"Ba Kalaliki, muli shani?"

"Ndili bwino, Amake Melody. Kodi lero mupita ku Chanyanya kwa a Bright?"

Pamenepo a Idah anaseka. Sikunali kuseka kwa pamsika kuja, kunali kosasa, kosakanikirana ndi misozi, koma kunali kuseka. Anamuuza Humphrey kuti boza lake lija likadali m'foni, ndipo Obed akamva adzawatengera ku khoti. Anachotsa mlamba pa tsamba lachiwiri, n'kuliwerenga lonse mpaka pa chenjezo lija, n'kupukusa mutu.

"Uyu mwana analemba bwino, koma anaika mulonda kumbuyo kwa nyumba. Umuuze ati chenjezo imabwela muntu akalibe kugwa."

Anabwezeretsa za Obed okha, osafunsa, ndipo Humphrey ulendo uno anakhaladi chete.

Lipoti analilembera pakhonde pomwepo, a Idah ali m'khichini. Sanabise kanthu. Analemba kuti ndime yoyamba ndi yachiwiri n'zabwino, munthu wa magalasi othyoka wazitsata osapunthwa. Analemba kuti ndime yachitatu isatuluke mmene ilili, chifukwa batani silitchulidwa ndi malo ake, poti malo amasintha foni ikasintha, koma ndi chithunzi chake ndi ntchito yake. Chenjezo la katsache likwere, likhale pamwamba pa ndime yachitatu. Anawonjezera kuti malangizowo sanena paliponse kuti mthandizi angathe kusintha yekha dzina loitanira munthu, ndipo kwathu kuno dzina limenelo si kanthu kakang'ono: mayi amakhalabe make wa mwana wake, mwanayo akhale moyo kapena ayi. Pomaliza analemba kuti woyesa analankhula pakati pa mayeso, choncho mayesowo ndi ofa, ndipo adzafuna munthu wina Lolemba.

Atatumiza, sipanapite nthawi Molly anaimba, ngakhale linali Loweruka. Humphrey ankayembekeza kuti adziteteza, poti olemba ambiri zolemba zawo amaziona ngati ana awo. Koma mtsikanayo anangofunsa ngati mawu a Melody apulumuka. Atamva kuti apulumuka, anapuma mpweya wautali.

"Ba Humphrey, nikanafuta ine mau aja, na pepala yanga. Sinenze kuziba ati pa foni ing'ono vimasintana."

"Na ine sininaone. Banaona ni ba sisi." Anaima pang'ono, n'kudzikonza. "Amake Melody."

"Mubauze ati nawonga maningi. Nizakonza lelo, na ba mainjiniya nizabauza baikeko funso pa kasache. Mayeso mwaononga, koma zikomo."

Humphrey anakhala kaye ndi foni m'manja. Anaona kuti n'zoseketsa kuti iye, amene ntchito yake ndi kusaka zolakwa, lero akuthokoza cholakwa. Malangizo aja akanakhala angwiro, a Idah akanadina kamuvi mwakachetechete, foni yokha ikanaphunzira dzina lawo, ndipo iye akanabwerera ku Shimabala akunenabe kuti tsalani bwino ba sisi. Anathokoza Molly chifukwa cha ndime ziwiri zabwino zimene zinawafikitsa mlongo wake pa mawu a mwana wawo, ndipo anamuthokozanso, mwamseri, chifukwa cha ndime yachitatu yoipayo. Zimenezi m'lipoti sanalembemo.

Akudya, pageti panamveka odi. Anali a Eunice, mayi wa nyumba yoyandikana nayo, mnzawo wa a Idah wa m'kwaya, atanyamula mbale kudzagula ndiwo za madzulo.

"Odi, Ba Idah. Milamba ilipo?"

A Idah anasamba m'manja, anatuluka, n'kuima pakhonde manja m'chiuno. Humphrey anawatsatira ndi maso pa zenera.

"Ba Eunice, milamba ilipo. Koma Ba Idah bamene mufuna sinibaziba. Pano pankala Amake Melody."

A Eunice anaima chilili, mbale ili pachifuwa. Anayang'ana mnzawoyo kuti aone ngati mutu uli bwino. Kenako anatsitsa mbale ija.

"Mwandi, lilime yenze kunibaba," anatero. "Siku iliyonse nifika pa geti, zina ili pakamwa, naimeza. Amake Melody, mutikululukile."

"Palibe mulandu. Mukauze na ba kwaya mailo, kuti nisavutike kuuza umozi umozi."

Humphrey anadziwa kuti nkhaniyo yafika m'manja oyenera. Zimene a Eunice amva Loweruka madzulo, pofika Lamlungu masana ngakhale asodzi a ku Chanyanya amakhala atazimva. Azimayi awiriwo anakhala pakhonde n'kuyamba kukamba za Melody, za tsiku limene anabaya jakisoni pa lalanje pophunzira, za mmene ankaimbira molakwitsa m'kwaya ya ana koma mokweza kuposa onse. Ankalira pang'ono, n'kuseka pang'ono, milamba yogula ija itaiwalika.

Dzuwa litapendeka, Humphrey anatsanzika. A Idah anamukulungira milamba itatu ikuluikulu m'nyuzipepala, n'kunena kuti amuperekeza mpaka pokwerera basi, chinthu chimene anali asanachite chichitikireni maliro. Anayenda pang'onopang'ono m'misewu ya Estates, a Idah akupereka moni kwa anthu amene kwa miyezi ankangowadutsa. Minibasi ya ku Lusaka inaima, kondakitala akuitanira a ku Shimabala ndi a ku Chilanga. Humphrey anaponda pakhomo la basi, n'kutembenuka.

"Musale bwino, Amake Melody."

Moyo wake wonse mlongo wakeyo ankamuti iwe. Anamusambitsapo, anamukwapulapo, ndipo ngakhale ndevu zitamera anakhalabe iwe Humphrey. Koma tsikulo a Idah anagwira dzanja lake ndi manja awiri, n'kupinda bondo pang'ono, pamaso pa kondakitala ndi anthu onse a m'basi.

"Zikomo pa vamene mwanichitila lelo. Muyende bwino, amalume bake Melody."

Humphrey anakhala pampando wa pazenera, nsomba zili pamiyendo. Miyezi yonseyi ankaganiza kuti wotaya dzina anali mlongo wake yekha. Kondakitala anachita kumufunsa kawiri kumene akutsikira, iye akungobwereza dzina lakelo chamumtima.